Geti la Kamunthu ka Nyali

Bambo anga alibe sitima. Ndiyambire pamenepo chifukwa mlendo aliyense akaima kutsogolo kwa kabati yathu amafunsa chimodzimodzi: nanga sitima yake ili kuti? Palibe. Azungu a ku Karen, dera la olemera la mumzinda muno, ndi amene amasonkhanitsa sitima zoseweretsa, zija zoyenda pa kanjanji kozungulira patebulo, ndi mabogi ake, masiteshoni, timitengo ndi ting'ombe tosadya udzu. Bambo anga amasonkhanitsa mageti okha, timageti totseka msewu pamene njanji yadutsa. Amati sitima ndi phokoso chabe, nzeru zili pageti.

Tinabwera ku Nairobi kuno ine ndili Sitandade 3, bambo atapeza ntchito ku limodzi la mabungwe akuluakulu aja a mayiko onse. Kabati yagalasiyo amayi anaigulira mbale za alendo. Mbalezo zinagonamo miyezi iwiri yokha. Lero zili m'katoni pansi pa masitepe, ndipo m'kabatimo muli mageti: amalata, amatabwa, ena a zitseko zoyera zotsegukira m'mbali ngati za khola, ena a mtengo umodzi wokwera ndi kutsika, wopaka zofiira ndi zoyera. Pafupifupi onse ndi akale, ena akale kuposa amayi. Bambo amawapeza pa maselo, pamene azungu olongedza kubwerera kwawo amagulitsa katundu wawo. Amagula bokosi lonse la zidole, kuchotsamo geti, zotsalazo n'kukapereka ku Sande sukulu. Ana a mpingo wathu ali ndi sitima zambirimbiri, koma palibe ndi mmodzi yemwe amene angatseke msewu.

Pa shelefu ya pamwamba pankakhala bwana wa onse. Geti lamalata, kukula kwake ngati buku la nyimbo lotsegula. Pakati pali kachidutswa ka njanji, uku ndi uku mitengo iwiri, pakona kanyumba kobiriwira ka denga lofiira. Sitima ikaponda kachitsulo kali pakati pa njanjipo, mitengo imatsika, belu limalira kamodzi, chitseko cha kanyumba chimatseguka, n'kutulukamo kamunthu kovala jekete la buluu, nyali ili m'manja. Poti sitima tilibe, bambo ankaponda ndi chala chachikulu. Kamunthuko kali ndi ndevu zopenta, ndi nkhope ya munthu amene wadzutsidwa kutulo koma sakudandaula. Ndinakakonda tsiku loyamba lomwelo.

Ndinaloledwa kuligwira chaka chimodzi basi. Lamlungu lina abusa ndi mayi busa anabwera kudzamwa tiyi, ndipo ine ndinali nditatsekera mphemvu yamoyo m'kanyumbamo. Bambo anaponda, belu linalira, chitseko chinatseguka, ndipo m'malo motuluka mmodzi anatuluka awiri, winayo n'kulunjika pa mkono wa mayi busa. Kapu inasweka. Mpaka lero ndimaona kuti inali nthabwala yabwino kwambiri, abusa anaseka mpaka kutsamwa, koma kuyambira tsiku limenelo kabati inakhala ndi kiyi, kiyiyo n'kumagona m'thumba la bambo. Ine ndinatsala kunja kwa galasi ngati ntchentche. Zaka zinayi ndikungoyang'ana. Ndinkadziwa kadzimbiri kalikonse, pamene penti inasupuka, geti limene limapendekera kumanzere.

Msuweni wanga anabwera ndili Fomu 1. Ndi mwana wa azakhali a ku Balaka, mlongo wawo wa bambo, ndipo anapeza malo pa koleji ija ya ku Kahawa kuti aphunzire zauphunzitsi. Wamtali, wofatsa, wopereka moni ndi manja awiri ngakhale kwa kondakitala wa matatu, minibasi za kuno. Loweruka lililonse ankakwera mabasi awiri kudzachezera kwathu. Loweruka lachiwiri lenilenilo bambo anapisa m'thumba n'kutulutsa kiyi.

"Bwera, mphwanga, udzaone. Gwira apa. Usaope, ponda."

Anaponda. Kamunthu kanatuluka, kanamuunikira ndi nyali yake ngati kakumudziwa kuyambira kale.

"Zodabwitsa, malume," anatero msuweni.

"Bambo, inenso ndiponde," ndinatero ine.

"Iwe unaponda kale, mayi. Tonse tinaona."

Zinayamba choncho. Loweruka lililonse masana awiriwo ankayala nyuzipepala patebulo, kutulutsa mageti limodzilimodzi, kuwapukuta ndi nthenga ya nkhuku, kudonthezera mafuta a makina osokera a amayi pa timahinjesi. Msuweni ankagwira sikuludiraiva. Ine ndinkagwira thireyi ya tiyi. Ndikachedwa pang'ono kumbuyo kwa mpando, bambo ankati, "Ukutitchinga kuwala."

Chimene chinandipweteka zenizeni chinachitika Lamlungu lina titaweruka kutchalitchi. Amalawi a kuno amakonda kusonkhana nyumba imodzi, sabata ino kwa awa, sabata ya mawa kwa awo, ndipo tsikulo linali lathu. Bambo wina wa ku ofesi, atatafuna chapati chachitatu, anafunsa, "Nanga chuma chonsechi mudzasiyira ndani, achimwene?"

Bambo anaika dzanja paphewa la msuweni. "Mwini wake ndi uyu. Ndipo ili lapamwambali atenga akangomaliza sukulu, likhale loyamba kupita kumudzi."

Onse anagwedeza mitu ngati amva vesi yoidziwa. Kwathu katundu wa mwamuna amayang'ana kwa ana a mlongo wake, osati ake obereka yekha. Ndinkazidziwa zimenezo, koma ndinkayesa tinazisiya pa bwalo la ndege ku Chileka. Ndinalondola amayi kukhitchini.

"Amayi, mwamva?"

"Ndamva. Tenga thireyi iyo."

"Nanga ine?"

"Iwe malume ako ali ku Dedza. Zako zili kumeneko."

"Malume ali ndi njinga yopanda mabuleki ndi wailesi yoyankhula ukaimenya."

"Ndiye zako zimenezo. Uziyamika."

Koma mwambo womwewo uli ndi mbali ina imene ine ndimaikonda. Msuweni ndi munthu amene ungamunyoze, kumubisira nsapato, kumuthirira mchere m'tiyi, ndipo palibe wamkulu amene angakuitanire bwalo. Chisuweni chimalola. Ndinachita zonsezo, ndinawonjezanso kumusokera miyendo ya thalauza ndi kumuikira chule m'chikwama cha mabuku. Iye ankangoseka. "Asuweni, mchere wa lero wachepa," ankatero, n'kumwa tiyi yense. Munthu wosakwiya amatopetsa. Ndinaona kuti mchere sundithandiza. Chofunika chinali chakuti bambo aone okha kuti mphwawo wokondedwayo sadziwa kanthu za mageti. Ine ndinali nditaona kale. Chilichonse chimene bambo amuonetsa, yankho linali limodzi: zodabwitsa, malume. Akanamuonetsa chotsekulira chitini akanatinso zodabwitsa.

Ku Kibera, kutsidya kwa njanji yeniyeni, kuli bambo wina wokhoma zitini. Amapanga nyali za koloboyi, mbaula, zidebe, ndipo amamata mapoto obooka. Kuno mmisiri wotero amati fundi. Amayi ankandituma kumeneko kawirikawiri chifukwa kuchokera kwathu, cha ku msewu wa Ngong, ndi ulendo wapansi. Ndinasankha geti limodzi la pa shelefu yachiwiri, la zitseko zinayi zoyera, poti la kamunthu linali lovuta kwambiri. Ndinalijambula pa pepala la magirafu la masamu, masiku anayi, mphuno ili pagalasi. Kutsogolo, kumbali, pamwamba nditakwera pampando. Sindinasiye kanthu, ngakhale kamsomali kamodzi.

Fundi anatembenuza pepalalo kawiri. Anandifunsa m'Chiswahili kuti ichi n'chiyani, khola la mbewa? Ndinamuuza kuti ndi ntchito ya kusukulu. Anati kusukulu kwanuko akusowa zochita, koma maso ake anali atayamba kale kuyeza. Ndinamupititsira zitini zopanda kanthu za mafuta ophikira, ndipo malipiro ake anali ambulera ya bambo imene amakhulupirira mpaka lero kuti anaiiwala m'basi. Patatha sabata geti linali litatha, lowala ngati supuni yatsopano, zitseko zake zikutseguka bwino kuposa za lenileni lija.

Kulikalambitsa inali ntchito yanga. Ndinaliviika m'madzi amchere, kulipaka masamba a tiyi otsala m'ketulo, kulikwirira pansi pa mpanda wa maluwa masabata awiri. Nditalifukula ndinalikhula ndi phulusa, n'kulikulunga m'nyuzipepala yachikasu imene eni nyumba akale anayala m'madirowa. Linkaoneka ngati laona nkhondo ziwiri. Ndinalinyadira kwambiri moti ndinatsala pang'ono kulionetsa amayi.

Mwayi unabwera wokha. Bambo anapita kumsonkhano ku Addis Ababa, ndipo Loweruka lomwelo kunali selo ku Karen, kwa mayi wina wachizungu wamasiye amene ankabwerera kwawo. Bambo anasiya mawu akuti msuweni akaone ngati kuli kanthu. Ine ndinadzipereka kumuperekeza kuti asasochere. Amayi anandiyang'ana nthawi yaitali.

Ku Karen basi imakusiya kutali. Tinayenda pakati pa mipanda yaitali, agalu akuuwa osaoneka, magalimoto akutipaka fumbi. Katundu anali atamuyala pakapinga: mipando, zithunzi za akavalo, nsapato za jombo, mabuku onunkha chinyezi. Mayiyo anakhala pakhonde ndi galu wokalamba ngati iye yemwe. Ndinapeza dengu la zokongoletsera za Khirisimasi, ndinagwada ngati ndikumanga nsapato, n'kulowetsamo phukusi langa.

Msuweni analidutsa dengulo kawiri. Kawiri konse. Anaima nthawi yaitali pa mabuku, akuwerenga za ulimi wa khofi. Ndinachita kumukoka malaya.

"Asuweni, m'dengu umo mwayang'anamo?"

"Muja ndi mwa Khirisimasi."

"Azungu amasakaniza zinthu. Tayang'anani."

Anafukula, anamasula nyuzipepala, ndipo nkhope yake inachita ngati ya munthu amene wapeza yankho la mayeso pansi pa desiki. Anapita nalo kukhonde ndi manja awiri. Mayi uja anavala magalasi, analitembenuza, anati sanalionepo chiyambire, koma malemu amuna ake ankagula zinyalala zamitundumitundu n'kumamubisira. Analigwira kanthawi ndithu, akusisita kachitseko kamodzi ndi chala. Kenako anakana kulandira kalikonse, anati lipite kwa munthu amene alisamale. Pamenepo mtima wanga unachita ngati ukufuna kundiluma. Unasiya tisanafike pa siteji ya basi.

Bambo anabwera Lachinayi, koma msuweni anati tidikire Loweruka kuti adzapereke yekha. Masiku awiri amenewo ndinkangoimba nyimbo m'nyumba. Amayi anandifunsa ngati ndikudwala.

Loweruka titatha kudya, msuweni anaika phukusi patebulo. "Malume, ndinakupezerani aka. Ndikuganiza kuti ndi kakale kwambiri. Mwina kuposa onsewa."

Mawu omalizawo sindinamuuze ndine. Anawonjezera yekha, ndipo ndinamuthokoza mumtima.

Bambo anapukuta manja, anavala magalasi, anamasula pang'onopang'ono. Analiyang'ana pamwamba. Analitembenuza. Analinunkhiza. Anakanda pansi pake ndi chikhadabo, ndipo pansi pa dzimbiri langa panatuluka theka la chithunzi cha ng'ombe ya pa chitini cha mafuta ophikira.

"Mphwanga," anatero, "geti ili ndi lamng'ono kuposa mkate tadya mmawawu. Likununkha tiyi."

Makutu a msuweni anachita kunyezimira. Ine ndinaluma mlomo, ndikudikira kuti tsopano bambo anene mawu amene ndinawadikira chaka chathunthu, akuti mwana iwe sudziwa kanthu. Koma bambo sanamuyang'anenso. Anali atayandikitsa getilo pamaso, akuyang'ana pa hinjesi ya chitseko chachitatu. Anadzuka, anatsegula kabati, anatulutsa lenileni lija n'kuliika pambali pake.

"Taonani apa. Hinjesi iyi inathyoka tili m'nyumba muno. Ndinaikapo phini wa chipewa cha mayi ako, n'kumupinda kumapeto. Palibe fakitale imene inapangapo geti la phini wopindika." Analoza langa lija. "Ili nalonso lili ndi phini wopindika. Mbali yomweyo."

Anavula magalasi n'kundiyang'ana. Ine ndinali nditajambula zimene ndinaona. Ndikanadziwa bwanji kuti kaphiniko si ka fakitale?

"Mayi, unajambula ndiwe?"

"Ndine," ndinatero, ndipo ndinamwetulira, chifukwa kukana ntchito yabwino chotero kukanakhala kupusa.

"Wopanga ndani?"

"Fundi wa mapoto."

"Kabweretse pepalalo."

Ndinathamanga. Ndinkayesa nthawi yanga yakwana. Bambo analiyala patebulo, analiyang'ana nthawi yaitali kuposa imene amayang'ana lipoti langa la kusukulu, akulondola mizere ndi chala. Amayi anaima pakhomo la kukhitchini atagwira m'chiuno. Msuweni anayamba kuseka chapansipansi, mapewa akugwedezeka.

"Asuweni," anatero, "mpaka kundiyendetsa ku Karen konse kuja?"

"Munadutsa dengu kawiri."

"Diso uli nalo," anatero bambo. "Koma kiyi sungamuone. Munthu amene anganamize mayi wamasiye ndi chitini cha mafuta, m'kabati mwanga angachitemo chiyani?" Anatenga pepala langa, analiimika kumbuyo kwa shelefu yachiwiri, anaika mageti awiriwo kutsogolo kwake, lenileni ndi labodza, n'kukiya. Pepala langa linalowa m'kabati. Chitini changa chinalowa m'kabati. Ine ayi.

Chilango changa chinali kuwaperekeza kwa fundi. Tinapita Loweruka lotsatira, atatu, bambo atavala jekete ngati akupita ku ofesi, akudumpha ngalande. Fundi atationa anayamba kubisa ambulera kuseri kwa mbaula, koma bambo sanaione n'komwe. Anamugwira chanza ndi manja awiri, anakhala pa chidebe chovundikira, ndipo anakambirana za masipuling'i mpaka dzuwa kupendeka, bambo ndi Chiswahili chawo chothyokathyoka, fundi akujambula pansi ndi msomali. Kuyambira pamenepo fundi anayamba kuwapangira mageti otengera a njanji ya kuno, ndipo shelefu ya pansi inadzaza. Ndinafuna kuchotsa mdani mmodzi, ndinapeza awiri.

Pobwerera tsiku limenelo tinayenda m'mbali mwa njanji, msuweni ali patsogolo. Ndinawafunsa bambo mosazungulira.

"Bwanji iyeyo? Sadziwa kanthu. Mwaona nokha."

Anayenda masitepe angapo asanayankhe. "Malume anga anali mlonda wa pageti la njanji ku Balaka. Anali ndi ana awo asanu. Koma amene ankagona m'kanyumba ka pageti, kuwanyamulira nyali, kudya nawo m'mbale imodzi, ndinali ine. Amene anamutumiza kusukulu ndinali ine. Ana awo ankandiyang'ana ngati mmene ukumuyang'anira uyu."

"Ndiye anawo anatani?"

"Mmodzi anandiikira nyerere zoluma m'bulangete."

"Zinathandiza?"

"Ayi."

Ndinamvetsa zimene ankanena. Kumvetsa sikunachotse kanthu. Ndinangodziwa kuti kwinakwake ku Balaka kuli anthu asanu okalamba amene ndikanagwirizana nawo bwino.

Msuweni anamaliza maphunziro ake ine ndili kumapeto kwa Fomu 3. Lachisanu masana bambo anatsitsa geti la kamunthu, analithira mafuta komaliza, analikulunga m'thonje ndi masokosi akale, n'kuliika m'bokosi la nsapato. Anamanga ndi chingwe, mfundo zitatu, analemba pamwamba kuti chosweka. Pa shelefu panatsala malo oyera opanda fumbi. Bokosilo analiika pamwamba pa sutikesi ya msuweni m'chipinda cha alendo.

Mmawa wa Loweruka, bambo akutsuka galimoto ndipo amayi akukazinga mandazi a paulendo, ndinamva madzi akutuluka kubafa. Ndinalowa m'chipinda cha alendo ndi theka la njerwa nditalikulunga m'thaulo. Koma msuweni sanali kusamba, mpope unangosiyidwa wotsegula kudzaza ndowa. Iye anali atakhala pabedi, atavala kale taye, bokosi lili pamiyendo, akuliyang'ana ngati muli njoka.

"Asuweni, thaulo likulemera bwanji?" anafunsa.

Ndinaona kuti kunama n'kutaya nthawi. Ndinamasula thaulo.

"Njerwa," anatero.

"Theka. Ndinayeza, ikulemera mofanana."

Anayang'ana njerwa, anayang'ana ine, kenako anaseka mpaka kugona chagada, dzanja lili pakamwa kuti bambo asamve panja. Atadzuka anapukuta misozi.

"Tsekani chitseko. Mukudziwa kumene ndikupita? Kunyumba kwa amayi kuli ana asanu ndi mmodzi a achemwali anga, ndi denga lodontha. Sabata imodzi yokha kamunthu aka kadzakhala kopanda mutu, nyali yake ili m'mimba mwa wina. Ndakhala ndikuganiza kuyambira dzulo kuti ndikakabisa kuti."

"Ndiye simukulifuna?"

"Ndikachita nalo chiyani? Kutseka msewu wa nkhuku?"

"Zaka zitatu mukupukuta ndi nthenga."

"Zaka zitatu ndikubwerera chapati cha mayi anu. Ku Kahawa timadya nyemba ndi chimanga sabata yonse."

"Bwanji osawauza?"

"Munthu amauza malume ake zotero? Inu simunakulire kumudzi."

Ndikanayenera kusangalala, koma ndinapsa mtima kuposa tsiku lina lililonse. Chinthu chimene ine ndinachilirira zaka zonsezi, iye anachipatsidwa pamaso pa anthu, dzanja lili paphewa, ndipo sankachifuna n'komwe. Ndinafuna kumugenda ndi njerwa yomweyo. Iye anali atayamba kale kumasula mfundo, mosamala, kuti tidzathe kumanganso chimodzimodzi.

"Koma njerwa sindinyamula mpaka ku Balaka," anatero. "Kabeni masamba a tiyi kukhitchini, amayi anga amakonda a kuno. Ndi sopo mmodzi, kuti lilemere."

Ndinakaba mapaketi atatu ndi sopo wochapira, amayi atatembenukira kuchiwaya. Mfundo ndinamanga ndine, poti ndinali nditaona mmene bambo amamangira. Popita ku bwalo la ndege bambo anati bokosi lisapite kubuti, ndiligwire ine pamiyendo. Aka kanali koyamba kundipatsa chinthu cha m'kabati kuti ndinyamule, ndipo munali sopo. Njira yonse ankalangiza mphwawo: dontho limodzi la mafuta pa sipuling'i mwezi uliwonse, osapitirira, osaliika padzuwa, ana aziona koma asagwire. Msuweni ankati, "Chabwino, malume." Potsanzikana bambo anapukuta magalasi awo kawiri.

Papita chaka ndi miyezi tsopano. Geti lili m'thiranki yanga, pansi pa mayunifolomu akale ndi mabuku a Fomu 1. Ndimalitulutsa Lachitatu masana, bambo ali kuntchito, amayi ali ku kwaya ya amayi. Belu ndinalikulunga ndi thonje kuti lisalire. Ndimaponda, mitengo imatsika, chitseko chimatseguka, kamunthu kamatuluka mwakachetechete n'kundiunikira. Ndi langa. Palibe amene ndingamuonetse, palibe amene angandifunse kuti unalipeza bwanji, koma ndi langa, ndipo sindinapepese kwa wina aliyense.

Vuto ndi makalata. Bambo amalembera mphwawo mwezi ndi mwezi kufunsa za geti, ndipo iye, poti sadziwa choyankha, amalembera ine kaye. Ine ndimamuuza zoona zokhazokha: kuti mtengo wakumanja unayamba kutsika mochedwa nyengo yamvula, kuti ndinapeza kadzimbiri pansi pa denga la kanyumba n'kukachotsa ndi kamtengo ka machesi koviika m'mafuta, kuti penti ya pa nyali ikufuna kusupuka ndiye sindikuikhudza. Iye amakopera mawu anga onse, osasintha ngakhale limodzi, n'kusaina dzina lake. Kalata ikafika bambo amaiwerenga mokweza patebulo, pang'onopang'ono, ngati kalata ya mtumwi.

"Kamtengo ka machesi," anatero mwezi watha, akugwedeza mutu. "Mwamva, mayi ake? Ine sindinamuphunzitse zimenezo. Waganiza yekha. Ndinadziwa kuti sindinalakwitse." Kenako anatembenukira kwa ine. "Iwe ukanakhala ndi mtima ngati wa msuweni wako, bwenzi tili patali."

Ine ndinangopitiriza kutafuna ndiwo zamasamba zimene kuno amati sukuma wiki. Amayi anandiyang'ana pamwamba pa kapu, kuyang'ana kwawo kuja, ndipo sindikudziwa ngati anawerenga mapaketi a tiyi tsiku lija.

Sabata yatha bambo analengeza kuti tchuthi chawo cha chaka chino tikathera kumudzi, tonse atatu. Ayamba ndi ku Balaka. Akuti akufuna akaone geti lawo mmene likukhalira m'dziko lakwawo, ndipo agula kale kabotolo katsopano ka mafuta. Kwatsala miyezi inayi. Msuweni wandilembera kawiri, m'kalata yachiwiriyo akufunsa kuti asuweni titani, mwina mulibweretse mobisa m'chikwama chanu, chonde yankhani msanga. Makalata onse awiri ali m'thiranki, pansi pa geti. Sindinamuyankhe. Wakhala akudya matamando anga chaka chathunthu, ayambe wasowako tulo pang'ono.